Giya ya Pansi ndi Bondo la Apongozi

Lolemba, 9 Juni

Esinati, mkazi wanga, wayimba foni m'mawa kuchokera kwawo ku Vubwi. Akuti ndikawatenge Loweruka, iye ndi mwana. Mwana wanga! Tadala, wa masabata asanu, amene ndamuona kamodzi kokha, kenako pa zithunzi za pa foni basi. Ndikungozungulira m'nyumba, kusesa posesa kale.

Asanadule akuwonjezera ngati nkhani yaing'ono: "Amayi abwera nafe, adzandithandize kusambitsa mwana."

Apongozi. M'vaneti yanga.

Ndakhala m'galimoto osaliza injini, ndikugawa malo:
kumanja ine, pa chiwongolero;
kuzenera Esinati ndi mwana, chifukwa akakhala pakati amachita mseru;
pakati apongozi;
ndipo pafupi ndi bondo la wokhala pakatiyo, ndodo ya giya, yomera pansi.

Zaka zitatu ndili pa banja, sindinawapatsepo dzanja apongozi. Tikakumana m'njira ndimapatuka. Moni timapatsana nditanyonyomala patali, maso kumbali. Ndiye Loweruka dzanja langa lizipita ku bondo lawo ndi kubwerako kuchokera ku Vubwi mpaka ku Katete? Msewu wa zitunda ndi maenje uja umafuna giya yatsopano mphindi iliyonse. Kumbuyo sangakwere. Kukuzizira, kuli fumbi, ndipo mudzi wonse unganene kuti mkamwini wanyamula apongozi ngati thumba la thonje.

Ndikukumbukira vaneti ya malemu amalume ndili mwana. Giya inali pa chiwongolero. Mpando umodzi wautali, pansi mbee, moti dengu la mango linkakwana pa mapazi athu. Amalume ankasintha giya ndi zala ziwiri uku akuimba mluzu. Ndikufuna yotero. Ndikatseka maso ndikuiona ikutsika phiri pang'onopang'ono, aliyense ali pa malo pake, ulemu uli wonse, kachipewa ka Tadala kakuoneka pa zenera.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndanyamula mtedza maulendo awiri kupita nawo ku msika, koma mutu suli pa ntchito. Ndawerenga: kuchoka pa msika kufika pa mphambano ya ku Mkaika ndasintha giya kakhumi ndi kamodzi. Pa tala! Nanga ku zitunda?

Masana ndapita kwa a Zulu, makaniko wathu, kukawafunsa ngati angachotse giya pansi nkuiika pa chiwongolero pofika Lachisanu. Atuluka pansi pa minibasi, andiyang'ana nthawi yaitali, kenako aseka mpaka kukhala pa tayala.

"Abosi, mufuna nichose giya pansi niike pa stiyelingi? Iyo ni operesheni ya mwezi. Bwanji osangochosa apongozi?"

Sindinaseke nawo.

Nzeru zina zimene ndapatsidwa ulere pa galaja:
kuika katoni pakati pa giya ndi apongozi (giya yachiwiri siilowa, ndayesa);
kuvala magolovesi (dzanja ndi dzanja basi);
kupita maulendo awiri (Esinati akuti amayi sakwera okha ndi mkamwini, ndipo mwana sayenda popanda agogo ake).

Koma pochoka a Zulu andinong'oneza. Ku Sinda kuli a Saidi, mkulu wa golosale, ali ndi vaneti yakale ya giya ya pa chiwongolero. Akuti imaimabe kuseri kwa sitolo. Mtima wanga wakhala pansi. Pobwerera ndikuyendetsa ndi dzanja limodzi m'mwamba, kuphunzira kukoka mphepo.

Lachitatu, 11 Juni

Sinda. Ndaiona!

Yobiriwira, utoto wafwifwa padenga, yaima pansi pa mtengo wa mango. Ndatsegula chitseko. Mpando wautali uja, pansi popanda chilichonse, kandodo kakang'ono kakutuluka kuseri kwa chiwongolero mwaulemu. Fungo lake ndi lomwe lija la kwa amalume: fumbi, sopo ndi mafuta akale. Misozi yalengeza, sindibisa.

Mavuto ang'onoang'ono:
ilibe batire;
tayala limodzi laphwa;
pa mpando pali nkhuku ikuikira.

A Saidi ndi munthu wofatsa, wa ndevu zoyera, anabadwira ku Malawi. Ndawafotokozera zonse. Amvetsera mpaka kumapeto osaseka, munthu woyamba sabata ino.

"Ulemu wa apongozi ndi chinthu chachikulu, mwana wanga. Tenga. Koma uyambe waiphunzira, ine ndili pambali pako. Iyi siimva zokakamiza."

Nkhuku taisamutsira m'katoni. Yandiyang'ana moipa.

Ndakhala pa chiwongolero ola lathunthu, galimoto itaima. Kutsogolo kuli khoma la sitolo, koma ine ndikuona msewu wa ku Chadiza, minda ya thonje yoyera mbali zonse, ana akubayibitsa. Ndikuona apongozi atatambasula miyendo momasuka, akuuza Esinati chapansipansi kuti anakwatiwa ndi munthu woganiza. Ndikuona Tadala atakula, akufunsa kuti anabwera bwanji ku Katete, ine ndikuyankha kuti anabwera ngati mwana wa bwana.

A Saidi achita kugogoda pa zenera kuti akutseka, akupita ku mzikiti.

Lachinayi, 12 Juni

Ndachotsa batire m'vaneti yanga, ndakwera nayo minibasi mpaka ku Sinda. Tayala tapopa. Injini yalira pa ulendo wachitatu, utsi wakuda, nkhuku zonse balala. Mawu ake! Okhuthala, osathamanga.

Phunziro, pa bwalo la mpira kuseri kwa masitolo. A Saidi akhala pakati, malo a apongozi, kuti ndizolowere.
Yoyamba: kokera kwa iwe, kweza.
Yachiwiri: tsitsa.
Yachitatu: kankhira kutsogolo, kweza.
Livesi: "Imeneyo tidzakambirana mawa."

Tanyamuka bwinobwino. Galimoto ikuyandama. Injini yapempha giya yachiwiri, ndaponda kilachi, ndipo dzanja langa, dzanja limene lakhala likusintha giya ya pansi zaka zisanu ndi zinayi, latsika lokha kukafuna ndodo yake. Ndodo palibe. Lagwira bondo la a Saidi. Lalikokanso kumbuyo!

Ndapepesa. Tayambiranso. Kachiwiri, bondo. Kachitatu ndakumbukira, ndagwira cha m'mwamba, koma ndayatsa mawaipa. Kachinayi, bondo.

"Mwana wanga," atero a Saidi akusisita mwendo, "ine ndakukhululukira. Koma ku Vubwi adzakulipiritsa mbuzi."

Ndiye zafika poipa. M'vaneti yanga dzanja limadutsa pafupi ndi bondo koma limakathera pa ndodo. Muno mulibe choliimitsa. Ndikubwerera ku Katete, dzanja lamanzere ndalikhalira.

Esinati watumiza chithunzi. Tadala akuyasamula. Ndachiyang'ana njira yonse mpaka kondakitala wandipitiriza pa siteji yanga.

Lachisanu, 13 Juni

A Saidi akana kukhalanso pakati. Akuti bondo latupa. Ndaikapo thumba la mtedza, ndaliveka chitenje, ndalipatsa moni nditayang'ana kumbali. Dzanja ndalimanga ndi kachingwe ku chiwongolero, kotalika kufika pa giya koma osafika pa thumba.

Zikuyenda! Kuzungulira bwalo kasanu ndi kawiri, thumba silinakhudzidwe. Yachiwiri, yachitatu, ndi zala ziwiri ngati amalume. Ndayamba ndi mluzu womwe. Dzuwa likuwala pa boneti, mphepo ikulowa pa zenera, ndikulankhula ndi thumba za mitengo ya feteleza ndipo likugwirizana nane. Ndaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndabwerera kuseri kwa sitolo kuti a Saidi aone. Ndaima pamaso pawo, ndati ndinyamukenso mwaluso. Ndakoka, ndakweza, chingwe chakola, ndakoka mwamphamvu. Yalowa livesi imene sitinakambirane. Vuu! Chambuyo, molunjika pa mulu wa njerwa zawo. Kwamveka kuthyoka pansi pa chiwongolero, ndipo kandodo kaja kangolendewera, kakupita kulikonse kumene wakakankhira.

Zowonongeka:
njerwa makumi awiri kapena kuposa;
nyale yakumbuyo;
kachitsulo kolumikiza giya, kamene a Zulu pa foni akuti sikapezeka "olo ku Lusaka, abosi."

A Saidi sanakalipe, ndipo ndicho chandiwawa kwambiri. Angotambasula dzanja, ndawapatsa makiyi. Ndalonjeza kudzakonza zonse. Pamene ndimamasula batire, nkhuku inali itabwerera kale pa mpando.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndatsuka vaneti yanga, ndapukuta ndodo ya giya mpaka kuwala, ngati kuwalako kuthandiza. Nzeru yomaliza: ndidzalowetsa giya yachiwiri iwo asanakwere, ndipo sindidzaigwiranso mpaka kunyumba.

Loweruka, 14 Juni

Ndikulemba pakhonde, dzuwa lisanalowe, kukhosi kukuwawa.

Vubwi. Tadala ndamunyamula mphindi ziwiri zokha, wopepuka, wofunda, akununkhira mafuta a ana. Ndamubwezera kwa Esinati. Kenako katundu: ufa, mbatata, beseni, nkhuku ziwiri, mpasa. Giya yachiwiri ndalowetsa, kilachi ndaponda. Apongozi akwera osandiyang'ana, chitenje chakokedwa mpaka ku akakolo. Esinati ndi mwana kuzenera. Manja anga onse pa chiwongolero, maso kutsogolo.

Tikuyenda. Injini ikulira ngati chigayo. Watipitirira wa njinga yamoto, watipitirira wa njinga yakapalasa atanyamula makala. Esinati akundiponyera diso. Ine ndikuyang'ana mapiri, ndikunamizira kuti ndikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwana.

Kenako chitunda chachikulu, titawoloka kamtsinje. Yachiwiri yakoka, yakoka, yatopa. Galimoto ikunjenjemera, ikufuna kuzima. Ndaponda kilachi. Dzanja lanyamuka, laima m'malere, pakati pa chiwongolero ndi bondo. Silikupita, silikubwerera. Tayamba kutsetsereka chambuyo, kumtsinje, mwana wanga ali momwemo. Esinati wakuwa. Ndachita mantha amene sindinachitepo.

Kho! Giya yoyamba yalowa. Osati ndi dzanja langa.

"Esinati," atero apongozi akuyang'ana kutsogolo, "uwauze abambo a Tadala asiye kilachi pang'onopang'ono."

Ndasiya pang'onopang'ono. Takwera.

Pamwamba pa chitunda alankhulanso, kwa Esinati yemweyo. "Malemu bambo ako ndinakhala nawo pakati m'lole ya thonje zaka khumi ndi ziwiri. Iwo ankadya nzimbe, ine ndikusintha. Uwauze, akafuna giya azitsokomola."

Ndatsokomola. Yachiwiri. Ndatsokomola. Yachitatu, yosalala, yopanda ndi phokoso lomwe. Vaneti yanga sinayendepo chonchi chiigulireni. Wa makala uja tamupitirira. Minda ya thonje ikudutsa monga ndinaionera ndili kuseri kwa sitolo ya a Saidi, ana akubayibitsadi, Tadala ali mtulo.

Titadutsa Chadiza apongozi asiya kudikira chifuwa changa. Akumvetsera injini okha. "Uwauze aponde." Ndikuponda. "Uwauze achedwa." Ndapepesa kudzera mwa Esinati.

Polowa m'Katete tadutsa pa galaja. A Zulu aimirira ndi sipanala m'manja, aona manja anga onse awiri ali pa chiwongolero, amva giya ikutsika yokha kuchoka yachinayi kupita yachitatu. Avula chipewa.

Lamlungu, 15 Juni

Ndatuluka m'mawa kuti ndiwothetse injini tipite ku tchalitchi. Ndapeza apongozi akhala kale pakati, chikwama pa miyendo, dzanja pa ndodo.

Uthenga wa lero, wonse kudzera mwa Esinati:
giya yachitatu yatha chifukwa cha dzanja lankhanza;
kilachi ndimaipondera mochedwa;
akhala nafe mpaka mvula yoyamba.

Pa tchalitchi nkhani yafika kale. Madalaivala anzanga akandiona akutsokomola. Wina wandifunsa ngati apongozi angapezeke Lachitatu, ali ndi ulendo wa ku Sinda ndipo phewa likumuvuta.

Masana onse ndakhala pakhonde, Tadala ali pachifuwa panga. Wafika wamoyo, alibe ndi chimfine chomwe, ndipo bondo la apongozi silinakhudzidwe. Zimene ndinkafuna zachitika zonse, kungoti sindine ndazichita. Ndamunong'oneza mwanayu kuti akadzakula ndidzamugulira galimoto yosintha yokha magiya. Wayasamula.

Chiwongolero ndi changa, kilachi ndi yanga, mafuta ogula ine. Magiya ndi a apongozi mpaka mvula. Ndinapempha kuti mwina ndisiye kutsokomola, popeza apongozi sakudikiranso chifuwa changa. Yankho labwera kuti ayi, ndizitsokomolabe, anthu angaganize kuti mkamwini alibe mawu m'galimoto yake.

Ndikumwa madzi otentha a mandimu. Mawa tikupita ndi mwana ku sikelo.