Zapagalasi Sizili Papepala

Lolemba

Ahedi alengeza: Lolemba likubwerali taipi yakale ichoka mu ofesi. Mayi Nabanda, amene akhala akutayipa mayeso a pasukulu pano kuyambira ine ndili mwana, akapanda kuzolowera kompyuta, pabwera wina. Mayiwo angoti, "Chabwino," maso ali pansi. Zandiwawa.

Koma nzeru ndili nayo! Pulogalamu yolembera makalata imene ili m'makompyuta athu ndi yaulere. Amaikonza anthu ongodzipereka a m'maiko ambirimbiri, ndipo aliyense angathe kuthandiza kulemba buku la malangizo ake. La Chichewa palibe. Ndilemba ineyo. Mayi Nabanda aphunzira, dzina langa lilowa pa intaneti.

Ndondomeko:
- masamba khumi ndi awiri
- awiri kapena atatu pa tsiku
- Lamlungu kupuma, monga amachitira anthu otchuka

Lachiwiri

Tsamba loyamba latha! Layamba mwaulemu wake: moni kwa owerenga, kufunsa za moyo wawo ndi wa ana kunyumba, kuwadziwitsa kuti kuno ku Mchinji tili bwino, mvula yokha ndiyo ikuzengereza. Kenako mbiri ya kompyuta mwachidule. Za kuyatsa kompyutayo zibwera mawa.

Poweruka, njinga mpaka pa Boma, kolipiritsa intaneti. Ndatumiza. Pobwerera ndikupalasa ndi dzanja limodzi.

Lachitatu

Yankho lafika. Woona zolemba za Chinyanja ndi mayi wina wa ku Lusaka, nayenso wongodzipereka. Wadula moni yense! Akuti: "Zikomo maningi aphunzitsi, koma munthu amene kalata yamusowa safuna kumva za mvula."

Kodi kwawoko amalowa m'nyumba ya munthu osaodira? Pa tsamba lonse patsala mizere iwiri, ndipo umodzi ndi mutu.

Ndapsa mtima mpaka pa msika, kenako ndagula chimanga chootcha. Walira mvula walira matope.

Lachinayi

Phunziro loyamba ndi Mayi Nabanda. Zala zawo, abale! Maso anga akulephera kuzilondola. Zovuta ndi zitatu:
- akumenya mabatani ngati akukhoma misomali
- kumapeto kwa mzere akudikira kabelu kalire ngati pa taipi
- atamaliza kalata ya ahedi, azimitsa kompyuta pakhoma kuti magetsi asapite pachabe

Kalata yapita yonse. Iwo akudabwa: "Nanga si ndalemba kale, aphunzitsi? Chimene ndalemba chimakhala."

Ndawalalikira ola lathunthu za kuseva, kusunga m'kompyuta zimene walemba. Ndawauza kuti munthu wanzeru amaseva akangomaliza ndime iliyonse. Iwo akungolemba timawu m'kope mwawo. Sindikudziwa ngati amva. Ndikuwamvera chisoni.

Lachisanu

Mapiriyodi atatu opanda kalasi. Ndikulemba ngati wogwidwa ndi mizimu, masamba asanu ndi awiri! Mawu akungobwera okha, nthawi yoima palibe.

Itangokwana leveni, magetsi phethi!

Sindinaseve.

Sindinaseve ngakhale mutu.

Magetsi abwera masana. Kalata ya ahedi, imene Mayi Nabanda anailembanso m'mawa, ili pompo, yonse yathunthu. Anaseva kasanu. Ahedi aiwerenga, agwedeza mutu, atuluka.

Mayiwo sanandiseke, ndipo zimenezo ndiye zowawa kwambiri. Angondipatsa pepala limodzi lotayipa pa taipi yawo, ndi lina la kaboni. "Ndi zija munanena dzulo. Ndangochotsamo zambirimbiri zija." Mfundo zisanu basi. Pamwamba alemba mawu awoawo: "Zimene ukuona pagalasi sizili papepala. Seva usanaimirire."

Moni mulibe.

Loweruka

Pa Boma. Ndilibe china chotumiza, ndiye ndatumiza pepala lawolo, mawu onse monga alili. Ndisanamalize n'komwe kucheza ndi mwini malo, yankho lafika kuchokera ku Lusaka: "Izi ndiye zimene tifuna! Sindinachotse kanthu. Tilembe dzina la ndani?"

Ndayang'ana funsolo nthawi yaitali. Ndalemba dzina langa. Ndafufuta. Ndalembanso. Mwini malo akuti pali anthu pa mzere.

Ndalemba lawo.

Lamlungu

Zotsatira za sabata:
- masamba anga olandiridwa: mizere iwiri
- dzina langa pa intaneti: palibe
- buku la Chichewa: layambika, tsamba limodzi

Potuluka m'tchalitchi ndawauza Mayi Nabanda kuti dzina lawo tsopano likuwerengedwa mpaka kutsidya kwa nyanja. Afunsa ngati kumeneko kulinso amayi ochoka pa taipi. Ndati mwina. Akuti ndiye tsamba lachiwiri likhale la kabelu.

Ahedi andiimitsa pa geti. Taipi ichoka ndithu mawa, koma mwini wake sachoka. Mawa lomwelo teni koloko kuli phunziro la kuseva la aphunzitsi onse, wophunzitsa ndi Mayi Nabanda. Mndandanda wa ophunzira alemba kale.

Dzina langa lili pamwamba.