Mabesi Anga Apita ku Karate

Lolemba, 14 Ogasiti

Lamulungu kukubwera kwaya ya ku Jenala. Chaka chatha anatichititsa manyazi m'tchalitchi mwathu momwe, ndipo akulu a mpingo anandiuza poyera kuti zikachitikanso, kwaya aipereka kwa mphunzitsi wina. Ndiye pulani nayi:

1. Nyimbo yatsopano, ndime zitatu.
2. Pulakatisi tsiku lililonse, 4 koloko.
3. Wochedwa aimirira kumbuyo.

4 koloko yakwana. Mwa anthu 22 abwera 9. Besi palibe ndi mmodzi yemwe!

Akuti a Mulepa aika dishi pa resitihausi yawo pa Boma. Pa kanemapo pali mpikisano: akatswiri a karate awatsekera m'nyumba imodzi, amadya limodzi, amagona momwemo, ikakwana 4 koloko awiri amamenyana, wogonja n'kunyamula chikwama chake. Fainolo ndi Loweruka.

Ndi zachibwana. Mawa zitha.

Lachiwiri

Ndasuntha nthawi, 5 koloko, akamaliza kuonera. Abwera 17. Koma pepala la nyimbo palibe walitsegula.

Mayina enieni a omenyanawo ndi ovuta, choncho awapatsa awo. Pali Chidazi, chimunthu chachikulu chomwe chimadya mazira a anzake. Pali Kamfupi, amene amatsukira onse mbale ndipo amalira akawerenga kalata ya kwawo. Masopulano ali kwa Kamfupi. Matena agawikana pawiri ngati chipani.

A Makwinja, besi wanga wamkulu, bambo a zidzukulu zinayi: "Aphunzitsi, simunaone inu. Anangopanga chonchi!"

Apanga chonchi. Benchi la Sande Sukulu lathyoka mwendo.

Taimba mizere iwiri.

Lachitatu

Kunyengerera sikuthandiza. Tabwerera ku 4 koloko. Ndikutuma mayi Nanthambwe akawatenge onse. Mayi amenewa ngakhale abusa amawaopa.

Anyamuka 4:10. Ndatsala ndi masopulano asanu. Tikuimba mzere wathu, pamene payenera kulowa besi tikungokhala chete n'kumamva mbuzi panja.

4:40, zii. 5 koloko, zii.

5:20 atulukira okha, duku litapendekera.

"Aphunzitsi, mwana uja Kamfupi amumenya ngati alibe amake. Wapambana inde, koma diso lachita kutupa chonchi. Mawa ndikangoona ngati wadzuka bwino."

Ndikufunsa za mabesi. Akuti anawaona, ali bwino onse, anawapatsa mpando kutsogolo.

Lachinayi

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Alemekezeke!

Abwera 20. Nkhope zakugwa ngati pa maliro, koma abwera. Tikuimba ndime yoyamba yonse. Besi ikugunda mpaka malata kunjenjemera. A ku Jenala amve zimenezi!

Tili pakati pa ndime yachiwiri, babu la pa guwa lija, lomwe aliyense amaiwala kuzimitsa, layaka.

Zifukwa zomwe ndapatsidwa:
– m'mimba (anthu anayi)
– nandolo ali padzuwa, kukuoneka ngati kugwa mvula (mu Ogasiti!)
– njinga sinakiyidwe
– "Ndikawaitane apitawa" (mayi Nanthambwe)

A Makwinja sanapereke chifukwa. Angotuluka chobwerera m'mbuyo, akuimbabe.

Lachisanu

Ndikupita ndekha, kope ndi cholembera m'manja. Ndiima pakhomo, ndilemba mayina, ndikapereka kwa abusa.

Panja njinga za kabaza zili mbwee, makasitomala angokhala pa katundu wawo kudikira. M'kati thukuta lokhalokha. Alipo a ku ofesi ya DC ndi mataye awo, alipo amayi ogulitsa chinangwa, ana kumbuyo. Mayi wina akulangiza Kamfupi m'Chilomwe. Kamfupiyo ali kutsidya la nyanja.

Amene ndawaona: kwaya yonse. Komanso, pakona, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, abusa.

Ndatseka kope.

Chodabwitsa n'chakuti munthu akagwa pansi, chipinda chonse chimafuula "Eeee!" ndipo mawu anayi onse amamveka bwinobwino. Mabesi akulowa pa nthawi yake. Zaka zitatu ndikuwaphunzitsa zimenezi.

Ndakhala mpaka kumapeto pofuna kumvetsa vutoli. Atsala awiri, Chidazi ndi Kamfupi. Chidazi amaponda mnzake phazi woimbira akayang'ana kumbali. Ndaona ndi maso angawa.

Loweruka

Pulakatisi 2 koloko, timalize fainolo isanayambe. Abwera onse 22! Koma maso ali pa wotchi yanga. Nyimbo yofatsa ija akuithamangitsa ngati minibasi yolimbirana anthu. Ndime zitatu zatha ndisanatsitse dzanja.

3 koloko akuti tikachedwa malo atha. Ndikupita nawo ngati woyang'anira.

Amenyana mpaka belu, palibe wagwa. Oweruza atatu anong'onezana, akweza dzanja la Chidazi.

"Abera! Abera mavoti!"

Kufuula ola lathunthu. Wina waponya nkhwaira pa kanema, a Mulepa aima kutsogolo kwake manja atatambasula. Mayi Nanthambwe akulira mokweza, akuti iwo akanamutenga mwanayo kudzamulera konkuno. A Makwinja akufuna tilembe kalata yodandaula, ine ndiwaikire m'Chingerezi. Keyala palibe akuidziwa.

Ine sindinafuule kwambiri.

Lamulungu

A ku Jenala afika pa lole, yunifolomu yosita ndi makala. Kwawo kulibe magetsi. Aimba ngati angelo.

Nthawi yathu. Ndakweza dzanja, ndatsitsa. Masopulano akutulutsa mpweya wokha. Matena akulira ngati chitseko chopanda mafuta. A Makwinja akutsegula pakamwa mokhulupirika, koma sipakutuluka kanthu. Ndime yachiwiri sitinaiyese.

Abusa alalikira mphindi khumi, monong'ona, za oweruza osalungama. Mpingo wavomera ndi mitu.

Akulu a mpingo akuti akufuna kundiona. Mlembi wawo wachita kundilembera pa kapepala, nayenso mawu alibe.

Potsanzika, mphunzitsi wa kwaya ya ku Jenala wandigwira dzanja ndi manja awiri: "Pepani achimwene. Chimfine cha chaka chino n'choopsa. Tikakupemphererani."

Ndagwedeza mutu. Kuyankha sindingathe.

Nyimbo ndaiika m'sutikesi, pansi pa bulangete. Mwina pa Khirisimasi.

Bondo lakumanja likupweteka kwambiri. Chimene ndinkayesa kutsanzira sindilemba muno.