Timitengo Tokana Kuthyoka

Lolemba, 9 Febuluwale

Ahedi andiitanira ku ofesi m'mawa. Akuti mkulu wa ku koleji akubwera Lachisanu kudzandionerera ndikuphunzitsa. Ulendo womaliza. Ndikakhoza, ndine mphunzitsi weniweni. Ndikalephera, ndibwereza teremu yonse kuno ku Chisepo anzanga akukalandira mapepala awo. Bambo kumudzi ku Madisi anayamba kale kunditchula kuti "aphunzitsi", ngakhale pondituma madzi akumwa.

Phunziro: Chingerezi, Sitandade 6. M'nkhani ya m'buku muli mawu akuti snap, pamene nthambi ikuthyoka.

Ndabwereka dikishonale ya ahedi, yopanda chikuto ija. Kamawu kochepa chonchi, koma mbiri yake! Akuti Angerezi anakatenga kwa Adatchi kalekale, ndipo poyamba kankanena za galu akamaluma mwadzidzidzi. Kenako kanafalikira:
- kamtengo kouma kuthyoka kuti thyo!
- chingwe kuduka
- kuliza zala
- munthu kupsa mtima n'kuyankha mokalipa
- kujambula chithunzi, sinapu yomwe timanena ife ija

Ku koleji amati mwana asamangomva, azigwira ndi manja, ndipo zipangizo zikhale zopezeka pakhomo. Ndiye nzeru yanga nayi: mwana aliyense kamtengo kouma m'manja. Ndikawerenga mpaka katatu, kalasi yonse thyo! nthawi imodzi. Mkuluyo adzaimirira yekha n'kuomba m'manja. Ndadzitamandira njira yonse yobwerera.

Mayi Nachisale, amene ndimakhala kwawo, nditawafotokozera za mbiri ija: "Mawu a Adatchi m'nyumba ya Akatolika? Muzikanenera panja."

Lachiwiri, 10 Febuluwale

Theka la kalasi kulibe!

Dzulo poweruka ndinangoti, "Mawa aliyense abwere ndi kamtengo." Chifukwa chake sindinanene, ndimafuna kuti adzadabwe. Adabwadi. Omwe abwera akhala chete ngati pamaliro. Anyamata avala makabudula awiriawiri. Atsikana akulunga zitenje mochindikala.

Zimene abweretsa:
- udzu
- tsinde la chisoso
- kanthambi ka bonongwe, masamba ake ali pomwepo

Mtsikana wina wa kutsogolo, misozi ili mbwe: "Madamu, talakwanji?"

Ine wanga mutu! Mwana ukamutuma kamtengo ndiye kuti wamutuma chikwapu chake. Ndinakulira momwemu, inenso ndinkasankha kofewetsetsa. Zatheka bwanji kuiwala?

Nthawi yopuma kwabwera bambo wina, khasu paphewa: "Madamu, ngati wanga walakwa ndiuzeni, ndikathana naye ndekha kunyumba. Koma kalasi yonse?" Ndafotokoza. Wagwedeza mutu, koma akuoneka kuti sanakhulupirire zoti boma lingatume munthu kudzathyola timitengo.

Lachitatu, 11 Febuluwale

Abwerera onse, nditalumbira pamaso pa ahedi kuti sindimenya munthu. Timitengo tabwera mulu. Mtima unakhala pansi, mpaka nditayesa kamodzi.

Kapindika.

Kachiwiri, kapindika. Kachitatu, kapotoka n'kutuluka madzi. Mvula yakhala ikugwa osalekeza, phiri lonse lanyowa mpaka mumtima. M'dziko muno mulibe chouma kupatula choko, ndipo nachonso chayamba kukana kulemba.

Ndapita kwa a Phiri, amuna awo a Mayi Nachisale, kukapempha timitengo touma topachikira fodya m'chigafa. Andiyang'ana ngati ndapempha mwana. "Madamu, pemphani nkhuku ndikupatseni. Fodya wangayu ndimupachika pamutu panu?"

Chabwino. Ndasenza mtolo wa timitengo ta ana tija kuchokera kusukulu, ndauika patsanja la m'khitchini, pamwamba pa moto. Pofika Lachisanu utsi ukhala utaumitsa. Nzeru zilipobe!

Lachinayi, 12 Febuluwale

Pobwera kusukulu, fungo la nyemba kuyambira kumsewu. Zapsa bwino, zofewa ngati phala. Ndadya, ndawonjezera. Kenako ndalowa m'khitchini kukaona timitengo tanga.

Tsanja lili mbee.

Mayi Nachisale, nkhope yowala: "Nkhuni zimene ana anakubweretserani zija zayaka ngati palafini! Mukawathokoze, ndi ana aulemu."

Za Adatchi ndinawauza, za galu ndinawauza, koma za timitengo ayi. Ndikwiyire ndani? Zipangizo zanga zophunzitsira zili m'mimba mwangamu.

Nditawauza Mayi Nachisale za timitengoto, anagwira kumutu. Azungulira mudzi wonse mvula ili pamsana, koma ndani angapereke nkhuni youma mu Febuluwale? Abwerako chimanjamanja. Kenako alowa m'nyumba, atuluka ndi mthiko wawo: "Uwu ndi wouma. Kathyoleni." Ndakana. Misozi yanditulukira pamenepo, osati pa timitengo.

Madzulo ndathyola tina kuseri kwa nyumba, ndatiwamba pamakala ngati chimanga. Kunja tada bii. M'kati sindikudziwa, ndipo ndikuopa kuyesa.

Chimodzi chokha chayenda: ahedi atulutsa mpando wa mlendo m'chipinda chosungira katundu, ndaupukuta fumbi mpaka wawala.

Lachisanu, 13 Febuluwale



Mkuluyo wafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Bambo wathupi, waulemu, wolankhula motsitsa. Wakhala kumbuyo, mapepala pamwendo.

Poyamba zonse bwino. Ndalemba mawu pabolodi. Ndafotokoza za galu, ana auwa mokoma. Taliza zala. Ndamuona mkuluyo akumwetulira. Ndiye ndagawa timitengo.

Kamodzi, kawiri, katatu!

Zii.

Palibe ndi kamodzi komwe kathyoka. Tangolira kuti kwii, n'kupindika. Manja a ana onse mwaye wokhawokha. Ena akupotokola, ena akuluma, wina wapondapo ndi phazi n'kumakoka. Ndatenga kanga, ndakaika pabondo, kapindika ngati uta. Thukuta kamukamu. Ndikumva pakamwa panga pakunena kuti "tiyesenso", koma mutu mulibe kanthu.

Mkuluyo watsamira kumbuyo kuti alembe.

Thyo!

Mwendo wa mpando. Chiswe chinadya m'kati monse, chinangosiya khungu limene ndinapukuta dzulo lija. Bambo uja ali chagada pansi, nsapato m'mwamba, mapepala mbwee.

Kenako ana onse pamodzi, mawu amodzi, Chingerezi chomveka bwino kuposa changa: "Snap!"

Zitatero sindinathenso kuwagwira. Kuseka, kugubuduka, a Sitandade 5 adzaza m'mawindo, ine ndikudzutsa mlendo ndi manja a mwaye, malaya ake oyera ndawadinda zala zonse. Chitsulo chalira. M'makope simunalembedwe ngakhale tsiku.

"Palibe kanthu, madamu," watero, akugwira msana. Tiyi amene ahedi anakonza sanamwe.

Loweruka, 14 Febuluwale

Kuchapa. Kudikira. Foni ndaisiya pachulu, pokhapo pamene pamagwira netiweki. Siinalire.

Kumjigo nkhani ndi yomweyi. Mayi wina akuti mkuluyo anathyoka msana, wina akuti ndinachita kukonza dala kuti ana amvetse. Agogo ena andigwira dzanja: "Mwaphunzitsa, mwana wanga. Mdzukulu wanga wathyola lichero kuti andionetse."

Ahedi: "Chaka chatha mpandowo unali bwinobwino."

Maganizo akungosinthasintha:
- ana anamva, ndakhoza
- sanalembe kanthu, ndalephera
- anamwetulira pa galu paja, ndakhoza
- malaya aja, ndalephera

Dzuwa lawala lero, tsiku lonse, lamphamvu. Timitengo totsala ndinataya pakhonde. Masana ndapondapo kamodzi mwangozi, thyo! Ndakatukwana, Mulungu andikhululukire.

Lamulungu, 15 Febuluwale

Titatuluka Misa ahedi anditengera pambali. Mkuluyo anaimba dzulo madzulo. Akuti maganizo anali abwino, akuti ana amandikonda, zikuonekeratu. Koma phunziro silinafike kumapeto ndipo kalasi inandipulumuka. Ndibwereza. Adzabweranso teremu ya mawa. Msana uli bwino, ndipo akuti ulendo umenewo adzaimirira, sadzakhalanso pampando.

Ndayankha kuti zikomo. China n'chiyani?

Mayi Nachisale ayesetsa kuoneka achisoni, koma zawakanika: "Ndiye chipinda chija ndisapatse wina, eti?"

Ndakwera pachulu, ndaimbira kumudzi. Ayankha bambo: "Aphunzitsi!" Ndinakonza mawu ambiri, a mvula, a chiswe, a nyemba. Ndangoti, "Bambo, sizinatheke. Ndibwereza."

Ndimamva nkhuku za kwathu zikulira kumbuyo.

"Ndiye mbuzi ndinakusungira ija ndisaphe kaye?"

Sindimadziwa n'komwe kuti kuli mbuzi.

"Musaphe kaye, bambo."

"Chabwino. Inenepeko. Ugone bwino, aphunzitsi."

Ndatsika pachulu ndikulira ngati wa Sitandade 1. Mitambo yayambanso kuda kuphiri, ndipo zovala za mawa zikadali pachingwe.