Mano a Ada Longwe m'Mbale ya Alendo

Ana inu obadwa dzulodzuloli simunawaone bwino alamu anga, Ada Zacharia Longwe a ku Chikale. M'kamwa mwawo munatsala mano atatu, koma pawindo la nyumba yawo panali mano okwanira kutafuna Nkhata Bay yense, msika ndi jeti ya sitima yomwe. Sanali a anthu ayi. Anali a shaki, chinsomba cha kunyanja yamchere, mano akalekale osanduka mwala, akuda bii.

Dzino loyamba anapatsidwa ndi mlendo wa pa loji, masiku amene ankayendetsa azungu pa bwato. Kuyambira pamenepo mzungu aliyense wotsika sitima ankafunsidwa za mano asanafunsidwe dzina. Ena ankachita kutumiza pa positi atafika kwawo, kuti mwina apume.

Mtengo wa dzino ankauyeza mwaokha. Lotoledwa m'mbali mwa nyanja yamchere ankalinyoza.

"Limenelo ndi usipa wa pamsika, alamu. Shaki kufera kwawo, chodabwitsa n'chiyani? Koma ili," ankatero akulipukuta ndi malaya, "analitola m'chipululu, kumene ngamila yomwe imayenda ndi botolo la madzi. Nsomba inkatani kumeneko? Mtengo wake ndi funso limenelo."

Tsiku lina ndinatola dzino la galu ku Mwaya n'kuwauza kuti lachokera pamwamba pa phiri ku India. Analinunkhiza kamodzi. "Galu wa a Mhone uyu. Timadziwana, anandilumapo."

Zoseka zinatha pamene Hellen, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapeza mwamuna, Cyrus, woyendetsa minibasi wa ku Mzuzu. Akuchimuna anatumiza mawu kuti akubwera kudzakamba za malowolo. Wowatsogolera anali amalume a mnyamatayo, a Gordon Nyirenda, mkulu wa mpingo wokhulupirira kuti ife a kunyanja aliyense amaweta ng'ona pansi pa bedi. Ukwatiwu sankaufuna. Ankangosowa chifukwa.

M'mawa wa tsiku lobwera alendowo mlongo wanga NyaManda, mkazi wa a Longwe, anasesera mano onse m'mbale ya maluwa, n'kuvundikira, n'kuibisa kukhitchini.

"Ada, lero mukangotchula dzino, atatu otsalawo ndikuchotsani ndine."

Mukudziwa kuti kwathu kuno ndiwo za mlendo wolemekezeka zimabwera m'mbale yovundikira, ndipo amavundukula yekha. Tsoka lake NyaManda anali ndi mbale za maluwa ziwiri, zofanana ngati mapasa, ndipo m'mbale inayo ndi mmene munali nkhuku ya mlendo. Hellen ananyamula imodzi, n'kugwada pamaso pa a Nyirenda. Mkuluyo anapemphera pemphero lalitali loti nkhuku ikanaikira mazira n'kuswa. Atati ameni, anavundukula.

M'mbalemo munali mano okhaokha. Ngakhale ntchentche zinatuluka pang'onopang'ono.

"Ada Longwe, ndiwo za kuno n'zimenezi?"

Ine, monga malume wa mkwatibwi, ndinayesa kupulumutsa zinthu. "Ndi nsomba ya batala, ada. Yangouma mopitirira."

Palibe anaseka.

"Mano a ng'ona awa," anatero a Nyirenda akuimirira. "Ndinanena ine. Cyrus, kalize galimoto."

Alamu anga anali atadzimanga pakamwa kuyambira m'mawa, koma apa chingwe chinaduka.

"Ng'ona? Ng'ona ndi buluzi! Mwini dzino ili akanameza minibasi yanuyo, kondakitala n'kukhala chotokosera m'mano!"

"Mwamva? Akumudziwa mwini wake!" anakuwa a Nyirenda.

Phokoso linaitana anthu. Pa mpanda panadzaza mitu, ndipo ndinamva wina akunong'ona mawu aja akuti ufiti. Kuno mawu amenewo akatuluka sabwerera okha, amabwera ndi miyala. Mnyamata wina anali atawerama kale pansi. Cyrus anaima pakhomo, kiyi m'manja, osadziwa kolowera.

A Nyirenda anakweza mawu kuti a pampanda amve. "Ngati si zithumwa, katayeni m'nyanja ife tikuona. Mwala wamba munthu saulirira. Apo ayi, ukwati palibe."

Ada Longwe anayang'ana mbale. Anayang'ana Hellen, amene anali chigwadire, misozi ikudonthera pa chitenje chatsopano. Kenaka ananyamula mbaleyo.

Tinatsikira ku Chikale dzuwa lili pamutu, Nkhata Bay yense pambuyo pathu. Anakwera pa thanthwe n'kuyamba kuponya limodzilimodzi, lililonse akulitsanzika ngati m'bale. "Iwe wa mumgodi, pita bwino. Iwe wa m'munda wa mzungu, unalibe mtengo koma ndinkakukonda." Mbale inatsala ndi limodzi, la m'chipululu lija. Analifumbata. Dzanja linakwera, n'kutsika. Linakweranso, n'kutsikanso.

A Nyirenda anatembenuka kuti azipita.

"Ada, lisungeni," anatero Hellen chapansipansi. "Ine ndikhala pakhomo."

Pamenepo dzino linauluka. Amene analipo amati linagwera pafupi, koma ine ndikuti asodzi a ku Likoma anazinda mutu. Alamu anatsika pa thanthwe, maso ali psuu, n'kundinong'oneza:

"Alamu, wodzalitola muno mutu udzamuzungulira. Chipululu, kenaka Chikale! Lakwera mtengo."

Ukwati unachitika, ndipo a Nyirenda anadya nkhuku yawo, koma mbale anapempha kuti ndivundukule ine. Pawindo la a Longwe sipanabwerenso dzino. Ankangopukutapo fumbi m'mawa uliwonse mpaka chaka chatha, pamene tinawaika m'manda ndi mano awo atatu.

Masiku ano azungu amatsika sitima n'kudutsa mwamtendere, opanda wowafunsa kanthu, ndipo ine bodza langa ndilibe wolinunkhiza. Koma mwezi watha, mwera utavundula nyanja, Winnie, mwana wa Hellen, anabwera kwa ine akuthamanga, mchenga mpaka m'makutu. M'dzanja munali kadzino kakuda bii.

"Agogo, ndatola ku Chikale! Mtengo wake ndi wotani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname monga mwa masiku onse, koma bodza linakana kutuluka.

"Mtengo wake ndiwe, mama," ndinatero. "Kaliike pawindo la agogo ako a Longwe."