Ndinaitana Matalala

Lolemba
Chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi, anthu amangondifunsa nthawi ya pa wotchi basi. Zimandiwawa. Zitha sabata ino! Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Mutu: mawu a matalala m'zinenero za Azungu anachokera kuti? Angelezi amati hail, Ajeremani Hagel, onse ana a liwu limodzi lakalekale, mwina lotanthauza timiyala. Zofunika: kope, choko, mipando, anthu.

Lachiwiri
Ndikuyeserera pa akazi anga, aNaphiri, kudimba. Ndangofika pa Hagel, iwo akuti, "Gwirani kheni iyi, tomato akufota." Ndathirira mabedi asanu. Phunziro lathera pomwepo.

Lachitatu
Vuto ndi sleet: mvula yosakanikirana ndi madzi oundana, liwu lapachibale ndi lina la Chijeremani la matalala. Kuno kwa Kanduku ndani anaionapo? Ngakhale ine ayi! Ndatuma wakabaza ku Thambani akagule ayisi, anthu adzaone ndi maso.

Lachinayi
Wakabaza wafika ndi jumbo ya madzi ofunda. Akuti, "Ayisi wanu ndi ameneyu, bwana, wangosintha maganizo panjira." Mbuzi yamwa.

Lachisanu
Ndikuzungulira mudzi kuitana anthu. Khomo lililonse: matalala, matalala, bwerani mudzamve za matalala! AMbewe, oyandikana nafe nyumba, akuti, "Aphunzitsi, chinthu mukachitchulatchula chimamva." Umbuli! Ndaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka
Chamva.
Masana kumwamba kwada bii, kenako chiphokoso pa malata. Timiyala teniteni! Ndikuthamanga ndi beseni kutola zodzaonetsa mawa, chimwemwe chodzaza tsaya. Pobwerera ndapeza aNaphiri aima pakhomo. Zowonongeka: tomato yense, masamba a nthochi, anapiye anayi a aMbewe. Beseni ndalibisa kuseri kwa bafa.

Lamulungu
Pansi pa mango padzaza, ena akhala pa mizu. Zaka zanga zonse sindinaonepo kalasi yotere. Ndisanatsegule kope, aMbewe aimirira: "Aphunzitsi, kumene matalala anachokera taona tokha, anachokera kumwamba. Tabwera ndi pempho limodzi: chonde, sabata yamawa musafufuze za dzombe." Anthu aomba m'manja, aNaphiri mokweza kuposa onse. Ndavomera, nanga ndikanatani? Kope lija aNaphiri ang'amba, akukulungira mbewu ya tomato. Akuti kheni kuyambira mawa ndi yanga, ndipo ndizithirira chamumtima.