Nyemba Yamawanga M'chitini

Lolemba
Foni iwe, sunga mawu anga, pakuti ine ni pensulo sitidziwana. Woyamba kuniuza ni ba Daka, kondakitala wa minibasi ya kuno ku Kanakantapa: akuti voti ya pa foni ni chinsinsi, ngakhale mfiti siingaione. Chabwino! Gulu lathu la alimi a tomato lisankha wapampando: mlamu wanga ba Sakala, kapena amai Mwale. Mlamu pa miting'i agona, kukamwa yasa. Koma ng'ombe zonilimira ni zake, ndipo mvula ili pafupi. Nifuna amai Mwale, mwakachetechete.

Lachiwiri
Mkazi wanga, amake Tisa, anionetsa pokanikiza. Nakanikiza. Mtima mbee!

Lachitatu
Mayo ine! Pansi pa dzina la amai Mwale pali nkhope yanga, ni chipewa chomwe. Gulu lonse liona! Mlamu atuma mawu: "Alamu, chala chaterereka?" Chaterereka, nitero. Nasamutsa voti. Manje amai Mwale ku chigayo sanipatsa moni. Daka, minibasi yako iphulike matayala onse!

Lachinayi
Simu kadi yatsopano, nambala yatsopano. Nalowa m'gulu monga "Mlimi Chabe", chithunzi cha kabichi. Navotera amai Mwale. Zotsala:
kukhala chete,
kukhala chete,
osatsegula pakamwa.

Lachisanu
Koma voti yopanda chifukwa ni ndiwo zopanda mchere. Natsina mphuno, natuma timawu pang'ono chabe. Niyambira pa malume anga amene ananiphunzitsa nthano, nidutsa chaka cha dzombe, nifika pa mkonono wa mlamu. Mayankho:
"Atate ake Tisa, masulani mphuno mupume."
"Tambala alira kumbuyoyo timudziwa."
Mlamu atuma kachithunzi ka ng'ombe. Basi.

Loweruka
Nakakamiza: tisiye mafoni, tivote monga kale! Pansi pa mtengo wa mango, chitini chophimba ni nsalu. Chimanga ni mlamu, nyemba ni amai Mwale, aliyense abwere ni kambewu kake m'thumba. Apa nkhope palibe, tambala palibe.
Akhuthula. Chimanga mulu! Onse aja onong'ona kuti mlamu agona, kani nawo afuna ng'ombe. Nyemba ziwiri chabe: yoyera ya amai Mwale eni ake, ni yamawanga, mbewu ya malume, imene Kanakantapa yonse nilima ine nekha. Mlamu aitola, aitembenuza, anibwezera m'manja: "Sungani, alamu. Iyi imakonda munda wa khasu."

Lamulungu
Mvula yagwa. M'mawa, tisanapite ku tchalitchi, ng'ombe za mlamu zidutsa pakhomo panga osacheuka. Zipita kwa amai Mwale, akuti mawa mlamu, wapampando watsopano, ayambira kulima kumeneko, kuonetsa mtima wabwino. Amake Tisa anola khasu limodzi chabe. Nifunsa lawo. Akuti wovota ndiye wolima.
Msana wanga, pepa.