Chikuku Choyenda Chammbali

Pa Kachulu pano anthu akuti chikuku cha a Elenala anachilodza ndi a Zainabu, aja obwereketsa mawilibala padoko. Akuti anachizungulira katatu akutafuna kamtengo. Ine sindikana, poti a Zainabu kutafuna amatafunadi, ndipo ndani angakonde kulandidwa makasitomala? Koma inu, tamverani, minibasi iyi sidzaza msanga. Zinazi ndinaziona ndekha.

A Elenala ndi amayi aja ogula matemba kwa asodzi n'kumakagulitsa ku Zomba. Mwana wawo Christina anakwatiwa ndi Jafeti wa kwa Kuntumanji, amene anaphunzira zojambula makina pakompyuta. Zaka zitatu ali pachikamwini, kuwoka mpunga sadziwa, akakwera bwato amasanza. Ntchito yake kukhala pakhonde n'kumatosa laputopu. Apongozi akewo anatopa naye. Anaitana achimwene awo a Gerishomo, eni mbumba, n'kuwauza kuti mwezi ukatha mkamwiniyo osaonetsa phindu, anyamule kabokosi kake azipita kwawo. Christina analira mpaka maso kutupa, poti mwamunayo amamukonda, ndi manja ake ofewa omwewo.

Ndiye Jafeti anati apanga chikuku chachitsulo chotutira nsomba kuchoka padoko kukafika pasiteji. Anachijambula mukompyutamo, ine n'kusuzumira. Inu, chinthu kumachita kugudubuka chokha pagalasi, kunsi kwake kuoneka, mabowo a mabawuti kuoneka. Anachiika mawilo anayi: awiri akutsogolo otembenukira mbali iliyonse, awiri akumbuyo olunjika kutsogolo kokha.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sayankhulananso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Choncho mawu amadzera mwa Christina, iye ali pabwalo, mwamuna pakhonde, amayi kuseri kwa nkhokwe.

"Uwafunse, awiri akumbuyowo alakwa chiyani kuti asamatembenuke?"

"Akuti amenewo ndi amene amagwira njira, amayi."

"Njira imagwidwa ndi wilo? Ine ndinagonapo kuchipatala ku Zomba, bedi lake mawilo onse anayi amavina. Uwauze kuti ine si munthu wopatsidwa theka."

"Akuti kuchipatala pansi m'posalala, palibe chitsetso."

"Uwauze ndamva."

Akuluakulu anati mpongozi akati ndamva, mkamwini yamba kumanga katundu. Ngati sananene, ndanena ine.

Jafeti anasindikiza chithunzicho papepala n'kukasiya kwa a Lameki, owotcherera zitsulo pamsika. M'mawa mwake ndinaona a Elenala akulowera komweko ndi beseni la nsomba za makumba, koma ndinkayesa ndi malonda.

Tsiku lotenga chikuku, theka la Kachulu linabwera. Chinali chobiriwira, chonyezimira, m'mbali atalemba kuti Wansanje Adwala. Jafeti anawerama kuyang'ana kunsi, n'kukhala komweko nthawi yaitali. Mawilo onse anayi anali otembenuka.

"Achimwene, pepala lija munaligwira chozondotsa?"

"Ine ndimawotcherera zomwe andiuza akuluakulu," anatero a Lameki, maso ali kudenga.

Mkamwini angaime pagulu n'kunena kuti apongozi ndiwo awononga? Jafeti anangogwira zogwirira n'kukankha.

Iye kukankhira kudoko, chikuku kulowera kutchalitchi. Kuchiwongola, icho kuyenda chammbali ngati nkhanu, mpaka kukagunda beseni la mandasi la a Dorothy. Agalu a pa Kachulu sanadyepo bwino chotero.

"Mkamwini, mwalawako m'mawa uno?" anafunsa a Gerishomo.

"Ayi, malume."

"Tachokani. Ine ndayendetsa ngolo ya ng'ombe inu musanabadwe."

Anachigwira mwaukali. Chikuku chinazungulira pomwepo ngati chikuwafuna, ngodya yake n'kukola thalauza, kulitsegula kuyambira m'thumba mpaka pabondo. Kenako chinapita chokha kukagwetsa thandala la nsomba za eni ake. A Zainabu anaseka mpaka kukhala pansi, m'wilibala yawo momwe.

Kusekako n'kumene kunawapweteka a Elenala. Anati chikuku chilibe vuto, chikungopepuka. Titafika padoko anakwezamo matumba atatu a matemba, iwo n'kukhala pamwamba pake, chikwama pamiyendo, mpango watsopano kumutu.

"Christina, uwauze akankhe."

"Akuti mutsike kaye, amayi, apa m'potsetsereka."

"Uwauze kuti kutsika ndikatsikira pasiteji."

Anakankha, mwana wa eni. Masitepe khumi oyamba zinayenda, a Elenala mpaka anakweza dzanja kupereka moni kwa a Zainabu. Pofika pakati pa chitunda, mutu wa chikuku unapotokera kumanzere, kumbuyo kukatsogola, Jafeti n'kugwa chagada. Chinatsika chikuzungulira, amayi ali pamwamba, uku ationetsa nkhope, uku ationetsa msana, osakuwa ngakhale kamodzi, poti ulemu wawo amausunga. Chinakalowa m'matope a nyanja, mawilo n'kumira, icho n'kupendama bwinobwino ngati chikutsitsa mlendo.

Matope a Chilwa mukuwadziwa, akuda bii, akakugwira sakutaya. A Elenala anamira mpaka m'chiuno, matemba akuyandama mozungulira, akakowa atayamba kale kutola. Asodzi anangoima kumaseka. A Gerishomo sakanalowa, manja onse anali pathalauza. Anangokuwa ali pamtunda kuti: "Mkamwini, mwezi sitidikiranso. Mawa m'mawa muzipita."

Jafeti anavula nsapato, n'kulowa m'matopemo chafutambuyo kuti asaone nkhope ya apongozi. Christina ndiye amamuwongolera: kumanja pang'ono, bwererani, basi pomwepo. Atafika anagwada, a Elenala anayang'ana uku ndi uku, n'kukwera kumsana.

Ine ndinali nditatsikira m'mphepete ndi chitenje chouma, poti munthu uyenera kuthandiza anzako, komanso patali sumva bwino. Ali pafupi kutuluka, ndinamva mawu oyamba amene a Elenala anayankhula kwa mkamwini wawo m'zaka zitatu.

"Bambo, mawilo aja ndinasinthitsa ndine."

"Ndinadziwa, amayi."

"Munadziwa osanena?"

"Ndikananena kwa ndani?"

A Elenala anapukuta matope amene ankadontha kumpango.

"Za a Gerishomo musazimvere, simupita kulikonse. Mawilo olunjikawo mukaikenso. Koma anthu azidziwa kuti inalakwitsa ndi kompyuta."

"Chabwino, amayi."

"Ndipo musandiyang'ane."

"Ndikuyang'anani bwanji, muli kumbuyo?"

"Ndiye yendani chowongoka, bambo. Musamapotoke ngati chikuku chanuchi."